Ndigumule kapena ndikonze? Za nyumba yakale ya maofesi pa Dedza boma

Funso: Bambo anga anamanga nyumba yosanjikizana ya maofesi pa Dedza boma m'zaka za m'ma 1970, ndipo chimwalirireni iwo ndikuiyang'anira ndine. Denga likudontha, pulasitala wa m'munsi mwa makoma akugwa, mu Juni anthu amagwira ntchito atavala majekete, ndipo magetsi akamavuta jenereta imatidyera malita 200 a dizilo pamwezi. Bungwe lina likufuna kuchita lendi zipinda zonse za pamwamba, koma akuti amene amawapatsa ndalama amafuna nyumba yokonzedwa mosatulutsa mpweya wambiri wa kaboni. Kontirakitala wina akuti tigumule timange ya magalasi, wina akuti tingoika sola basi. Ndimvere uti? Ndine mayi wa ku Dedza.

Yankho: Zikomo mayi. Onse awiriwo musawayankhe kaye. Wogumulayo akuona ntchito yaikulu, wa solayo akuona msika wa katundu wake, ndipo m'kalata yanu simunanene kuti wina mwa iwo anapempha makwerero n'kulowa m'denga. Maganizo anga ndi akuti nyumbayo isagumulidwe pokhapokha injiniya atapeza kuti maziko kapena konkire yake yatheratu, ndipo sola ibwere kumapeto kwa ntchito zonse.

Mpweya wa kaboni ndi umene ukutenthetsa dziko, ndipo wa nyumba umachokera mbali ziwiri. Wina umatuluka pomanga, pamene simenti, njerwa, zitsulo ndi magalasi zikupangidwa ndi kunyamulidwa. Wina umatuluka tsiku ndi tsiku anthu akamagwiramo ntchito. Malangizo ambiri amene mabungwe amabwera nawo analembedwa ku mayiko kumene maofesi amawatenthetsa ndi gasi, kapena ku South Africa kumene magetsi ambiri amachokera ku malasha, ndiye kumeneko nkhani yaikulu imakhala yochepetsa magetsi. Kwathu kuno magetsi ambiri amene ESCOM imatigulitsa amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ena tsopano akuchokera ku dzuwa, monga ku Salima ndi kwanu komweko ku Golomoti, kumene kuli malo a sola a mamegawati 20 okhala ndi mabatire, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Choncho yuniti ya ESCOM ilibe kaboni wambiri. Pa nyumba ngati yanu kaboni ali mu simenti, mu njerwa zowotcha, m'zitsulo, ndi mu utsi wa jenereta ija.

Tiyeni tiwerengetse. Popanga simenti amawotcha miyala ya laimu pa moto wa madigiri pafupifupi 1,450, ndipo mpweya umatuluka pawiri: ku malasha oyakawo komanso ku mwala weniweniwo ukamapsa. N'chifukwa chake mafakitale a simenti amatulutsa 7 kapena 8 peresenti ya mpweya wa kaboni wa dziko lonse lapansi. Thumba limodzi la makilogalamu 50 likamafika pa shopu limakhala litatulutsa kale makilogalamu apakati pa 30 ndi 45 a mpweyawu, malinga ndi mtundu wa simentiyo. Tiyerekeze kuti nyumba yatsopano yadya matumba 1,000, omwe si ambiri pa nyumba yosanjikizana. Amenewo ndi matani oposa 30 a mpweya wa kaboni, tisanawerenge zitsulo, zomwe tani imodzi imatulutsa pafupifupi matani awiri, tisanawerengenso malole otuta katunduyo kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre. Tsono jenereta yanu. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa makilogalamu 2.7, ndiye malita 200 ndi makilogalamu 540 pamwezi, ndipo chaka chonse chitakhala chotero ndi matani 6 ndi theka. Simenti yokha ya nyumba yatsopanoyo ikufanana ndi kuliza jenereta yanu zaka pafupifupi zisanu. Makoma a bambo anu kaboni wake anatuluka kalekale. Mukawasunga simuwonjezerapo kanthu, koma mukawagumula ndiye kuti mwayambiranso.

Palinso nkhani ya njerwa. Mu 2018 bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC linatulutsa malamulo oletsa njerwa zowotchedwa ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Amene anaonapo mulu wa mitengo umene uvuni umodzi umameza akudziwa chifukwa chake. Nyumba yatsopano ya maofesi mungaimange ndi mabuloko, kutanthauza simenti inanso yambiri, kapena ndi njerwa za dothi zopanikizidwa pa makina zothira simenti pang'ono, zija amati SSB. Ndipo musakhulupirire zoti mukagumula njerwa zakalezo mudzazigwiritsanso ntchito zonse. Ngati anamangira simenti, zambiri zimaphwanyika pochotsa.

Za nyumba ya magalasi ndingoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chovuta mu ofesi kumeneko ndi chisanu cha Juni ndi Julaye kuposa kutentha kwa Okutobala. Galasi lopyapyala limataya kufunda msanga kuposa khoma la njerwa, komanso dzuwa la chilimwe likalimenya m'katimo simukhalika. Mapeto ake mumagula mahita nthawi yozizira ndi makina oziziritsa nthawi yotentha. Makina oziziritsawo ali ndi vuto lawolawo: gasi wa R410A amene ali m'makina ambiri, kilogalamu imodzi ikathawira m'mwamba imatenthetsa dziko mofanana ndi matani awiri a mpweya wa kaboni. Pa Dedza nyumba ya njerwa yokonzedwa bwino siwafuna makina amenewa.

Komabe si nyumba yakale iliyonse imene ingapulumuke. Ndalama yoyamba ipite kwa injiniya wa zomangamanga wovomerezeka mwalamulo, amene sakuyembekeza kupatsidwa ntchito yomangayo. Ayang'ane maziko, konkire ya pakati pa zipinda za pansi ndi za pamwamba, masitepe ndi mitengo ya denga. Timing'alu ting'onoting'ono ta mu pulasitala si kanthu. Woopsa ndi mng'alu wotsatira mizere ya njerwa mokhotakhota, wotseguka kwambiri mbali imodzi, umene ukupitirira kukula. Kuti mudziwe ngati ukukula, matani kachidutswa ka galasi modutsa mng'aluwo, simenti uku ndi uku, lembani tsiku pakhoma, kenako dikirani dzinja lidutse. Kakasweka ndiye kuti khomalo likuyenda. Injiniyayo ayang'anenso kunsi kwa konkire ngati ikugamphuka n'kuonetsa zitsulo zadzimbiri. Popeza Dedza ili m'mphepete mwa chigwa chachikulu cha nyanja kumene zivomezi si zachilendo, monga chija cha ku Salima cha Malichi 1989 chimene chinagwetsa nyumba zambiri, afufuzenso ngati pamwamba pa makoma pali ring beam, lamba wa konkire wogwira nyumba yonse pamodzi. Ikasowa amatha kuiwonjezera nthawi imene malata achotsedwa. Akanena kuti maziko akutitimira kapena konkire yawola ponseponse, pamenepo za kugumula tingazikambe. Koma nyumba zambiri zimene ndaona anthu akuziti zatha, chimene chinkaziwononga chinali madzi basi.

Ndiye yambani ndi denga, ndipo ntchito yake ithe pakati pa Meyi ndi Okutobala mvula isanagwe. Malata amene angochita dzimbiri pamwamba amakwechedwa n'kupakidwa penti, misomali yomasuka n'kuisintha ndi masikuluwu okhala ndi mphira. Osintha ndi obowoka okhawo. Mitengo ya denga musaichotse chifukwa chongoti yada. Nyumba zina zakale zili ndi matabwa a mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiulowa ndipo lero kuudula n'koletsedwa. Kalipentala aibaye umodziumodzi ndi chitsulo chosongoka, ndipo yofumbwa yokhayo isinthidwe ndi paini wothiridwa mankhwala a chiswe, wogulidwa kwa anthu okhala ndi mapepala a Forestry.

Apa ndikuchenjezeni kwambiri. M'zaka zimene nyumbayi inkamangidwa asibesitosi ankagwiritsidwa ntchito pa madenga otuwa okhuthala aja, pa masiling'i ena ndi pa mipope. Akakhala wathunthu, wosasweka, nthawi zambiri nzeru ndi kumupaka penti n'kumusiya pomwepo. Choopsa ndi fumbi lake, limene limakhazikika m'mapapo n'kuyambitsa khansa patapita zaka 20, 30 ngakhale 40. Musalole aliyense kumudula ndi galainda, kumubowola kapena kumuponya pansi kuchokera padenga. Ngati akuchotsedwa, anyowetsedwe, atsitsidwe wathunthu, amisiri avale zotseka pamphuno zoyenera ntchitoyo, ndipo mufunse a zachilengedwe ku khonsolo kumene angakatayidwe. Musam'patse mlonda kuti akafolere khola.

Pulasitala wakugwa m'munsi uja akusonyeza kuti khoma likumwa madzi kuchokera pansi. Amisiri ambiri akaona zotere amamata pulasitala wa simenti yambiri n'kutsekera ndi penti wamafuta. Zimaoneka bwino chaka chimodzi, kenako chinyezi chimakwera n'kutulukira pamwamba pa pomwe anakonzapo, chifukwa madziwo angotsekeredwa m'kati. Zungulirani nyumbayo mvula ikugwa muone kumene madzi a padenga akuthira. Kawirikawiri mupeza kuti ngalande za m'mphepete mwa denga zinathyoka ndipo madzi akugwera patsinde pa khoma, kapena dothi ndi mabedi a maluwa zakwera m'kupita kwa zaka mpaka kupitirira mzere woletsa chinyezi umene omanga anaika m'khomamo. Tsitsani dothilo masentimita osachepera 15 kuchokera pa mzerewo, kumbani ngalande yopititsa madzi kutali, gamphulani pulasitala wowolayo, ndipo khomalo mulisiye liume miyezi ingapo ya chilimwe. Kuthamanga pamenepa n'kutaya ndalama. Pomata mugwiritse ntchito laimu wosakaniza ndi mchenga, simenti pang'ono chabe kapena osathira n'komwe, ndipo pamwamba pake njereza kapena penti wamadzi. Laimu amalola chinyezi kutuluka, amawotchedwa pa moto wocheperapo wa madigiri pafupifupi 900, ndipo akamalimba amayamwanso gawo la mpweya umene anatulutsa. Sindikuti alibe mlandu, poti owotcha laimu ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito nkhuni, choncho funsani kumene wachokera.

Madzi a padengawo, poti mwawasonkhanitsa kale, alowe mu thanki. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndiye denga la masikweya mita 200 limadzaza thanki ya malita 5,000 ndi mvula ya mamilimita 25 yokha. Ndi a ku zimbudzi ndi okolopera, ndipo bilu ya madzi itsika.

Tsopano za majekete. Mpweya wofunda umakwera, ndipo pansi pa malata opanda chotchinga umathawa wonse. Pa ndalama zonse zimene mungaike pa nyumbayi, zimene anthu a m'maofesi adzazimve msanga m'thupi ndi za siling'i. Tsekani mabowo onse, yalani pamwamba pake chofunda cha ubweya wagalasi chokhuthala masentimita 5 mpaka 10, ndipo ngati malata achotsedwa yalaninso pepala lonyezimira lija kunsi kwake. Chofunda chomwecho chimatchinga kutentha kwa malata mu Okutobala. Pepalalo limaletsa mame a kunsi kwa malata kudonthera pa siling'i m'mawa wozizira, zimene anthu ena amaziyesa kudontha kwa denga n'kumasintha malata abwinobwino. M'dengamo musiye mipata yoti mphepo izidutsa pamwamba pa chofundacho.

Mazenera musathamangire a aluminiyamu, chifukwa chitsulo chimenechi chimadya magetsi ochuluka zedi popangidwa. Mafelemu akale achitsulo amangofuna kukwecha, penti woletsa dzimbiri ndi putty watsopano. Ovuta ndi mazenera a louvre, amene satsekeka ndithu, makamaka a mbali ya kummwera chakum'mawa kumene kumachokera mphepo ya mwera. Amenewo ndi oyenera kusintha, kapena muwaikire makatani okhuthala. Onaninso kayendedwe ka dzuwa. Mu Juni limadutsa chakumpoto ndipo limakhala lotsikirapo, pamene kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale masana limakhala pafupifupi paliwombo. Choncho zenera la kumpoto lokhala ndi kadenga kakang'ono pamwamba limalowetsa dzuwa nthawi yozizira n'kukhala pamthunzi nthawi yotentha. Zipinda za kumpoto zikhale za anthu okhala pa desiki tsiku lonse, mafayilo ndi katundu zipite kummwera. Mazenera a kumadzulo amafuna mthunzi wa kunja, kaya khonde kaya mtengo wobzalidwa patali ndi maziko, koma usakhale bulugamu. Ngati anthu a lendi anakhoma makoma a matabwa otseka kuwala, agwetseni kapena muike magalasi kumtunda kwake. Zitseko zakale za mlombwa zipalidwe zibwerere pamalo pake. Pansi ngati pali simenti yofiira ya polishi ija, ine ndingaisiye, chifukwa matailosi nawo amawotchedwa pa moto waukulu ndipo amafuna simenti ina powaika.

Mbaula ya makala m'chipinda chotseka mazenera ayi ndithu. Mpweya wake sununkha ndipo suoneka, koma umapha munthu ali m'tulo. Mlonda wa usiku mum'gulire chovala chofunda.

Zikatha izi ndiye tikambe za magetsi. Mawaya a zaka 50 ayesedwe ndi wamagetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo musadabwe akati asinthidwe onse. Machubu akale aatali a mawati 36 alowedwe m'malo ndi a LED a mawati 18 kapena kucheperapo. Mukakhala ndi machubu 40 oyaka maola 8, mwapulumutsa mayunitsi pafupifupi 6 patsiku. Akalewo ali ndi poizoni wa mercury m'kati, ndiye asakaswedwe kudzala kumene ana amasewera. Posintha mawayawo wamagetsi agawe mizere iwiri, wina wa zofunika magetsi akazima monga nyali, makompyuta, intaneti ndi pulinta, wina wa zolemera monga ketulo, hita ndi giza. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Ketulo imodzi kapena hita imodzi imakoka mawati pafupifupi 2,000, mofanana ndi malaputopu 30. Mukazilola pa mzere wa sola mudzagula inveta ndi mabatire aakulu chifukwa cha tiyi. Madzi aphitsidwe magetsi akadalipo n'kusungidwa m'mafulasiki, kapena pakhale kachitofu ka gasi.

Sola imene mukufuna ndi yolowa m'malo mwa jenereta, chifukwa mu jeneretamo ndi mmene muli kaboni ndiponso ndi mmene mukuthera ndalama zanu. Kuzima kwa magetsi sikudzatha mawa. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ofesi ili ndi mwayi wakuti imagwira ntchito masana dzuwa lilipo, choncho mabatire sayenera kukhala ochuluka ngati a panyumba yogona. Kwathu kuno mapanelo a mawati 1,000 amapereka mayunitsi 4 kapena 5 patsiku tikatenga chaka chonse, koma wowerengera wanu atengere masiku a nkhungu ndi mitambo ya Dedza, asatengere a Okutobala. Mapanelo ayang'ane kumpoto atapendekeka madigiri pafupifupi 15, pamalo pomwe phiri kapena mitengo sizichita mthunzi. Panelo lalikulu limodzi limalemera makilogalamu oposa 25, n'chifukwa chake denga liyenera kukonzedwa kaye, ndipo pa asibesitosi saikapo. Mabatire a lithium ndi odula pogula koma amakhala zaka zambiri kuposa a asidi, amene amafa msanga akamatsitsidwa kwambiri tsiku ndi tsiku. Wogulitsa amene akupatsani mtengo asanawerenge zipangizo za m'maofesi chimodzichimodzi, ameneyo mutsanzikeni. Jeneretayo musaigulitse, ingokhala ya masiku ovuta.

Bungwe lija lidzafuna mapepala. Yambani lero kulemba m'kope mayunitsi amene mumagula, malita a dizilo ndi bilu ya madzi mwezi ndi mwezi, kuti ntchito ikadzatha mudzaonetse kusiyana kwake. Kontirakitala alembe matumba a simenti ndi zitsulo zimene zalowa, komanso zitseko, matabwa ndi malata zimene zagwiritsidwanso ntchito, ndipo muzijambula zithunzi. Akatchula za satifiketi, yodziwika ndi ya EDGE ya bungwe la IFC, lomwe ndi nthambi ya World Bank, imene imafuna kuti nyumba ichepetse ndi 20 peresenti magetsi, madzi ndi kaboni wa zipangizo zomangira poyerekeza ndi nyumba wamba. Ili ndi malipiro ake, ndipo pa nyumba ya msinkhu wanu sindingailimbikire pokhapokha iwowo atalipira. Mapulani a zosintha zikuluzikulu apite ku khonsolo amisiri asanayambe.

Musanagule thumba ngakhale limodzi la simenti, khalani pansi ndi a bungwewo mulembe pangano. Ntchito za mabungwe zimayendera mapolojekiti, ndipo polojekiti ikatha iwo amanyamuka, inu n'kutsala ndi ngongole imene munatenga chifukwa cha lonjezo la pakamwa. Pemphani pangano la lendi la zaka zosachepera zitatu. Muwauze kuti inu mulipira denga, makoma, siling'i ndi mawaya, zomwe zidzatsale zanu, pamene sola agule iwo, kapena aigule n'kumadula ndalamazo pa lendi pang'onopang'ono, popeza magetsi osazimawo adzathandiza iwo koposa. Mulembenso momveka bwino kuti tsiku limene adzasamuke, mapanelo, inveta ndi mabatire zidzakhala za ndani.